Kankha, Usakoke

Amalume anayamba kuphunzira kupota zingwe ndi kumanga mphonje ali ndi zaka 62. Mphunzitsi wawo anali akazi awo omwe, amene panthawiyo anali atatsala ndi mawu osakwana khumi m'kamwa mwawo.

Azakhali ndi alongo awo a bambo anga, ndipo amuna awowo ife tonse timangowatchula amalume. Ine ndinkakhala kwawo chifukwa sitolo ya makope ndi zolembera kumene ndinapeza ntchito nditamaliza sekondale inali mumsewu wachiwiri kuchokera panyumbapo. Kachipinda kanga kanayang'anizana ndi chipinda cha ulusi, ndipo chitseko changa sichinkatsekeka bwino. Zambiri zimene ndikulembazi ndinazionera pa mpata umenewo.

Kwa zaka 31 amalume anali wowerenga mamita a madzi. Ankayenda khomo ndi khomo, kabuku m'khwapa, kugwada pa mita, kupukuta galasi ndi chala, kulemba manambala. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma iwo panyumba iliyonse ankachedwapo chifukwa cha mafunso. Akapeza munthu akumata tayala la njinga, afunse chifukwa chake amayamba wapala chubu. Akapeza mayi akuyanika malaya chozondotsa, afunsenso. Anthu anawapatsa dzina loti a Chifukwa, ndipo agalu amene ankauwa anzawo a ntchito, iwo ankangowagwedezera mchira, mwina podziwa kuti mlendo uyu sachoka msanga. Atapuma ntchito, mafunso aja anatembenukira ku katundu wa m'nyumba. Kwawo kulibe wotchi, loko kapena tochi imene sinatsegulidwepo m'mimba. Zina zinabwerera mwakale. Zina zili m'katoni pansi pa bedi, zikudikira.

Chipinda chimodzi chokha ndicho sankalowamo. M'chipinda cha ulusi munali tebulo lalitali pansi pa zenera, mashelefu a mipukutu ya ulusi wonyezimira wosanjidwa motsata mtundu, thabwa lokhomedwa misomali m'mizere lolukirapo mphonje, ketulo yakale, ndi mbedza yachitsulo kukhoma. M'menemo azakhali anathamo zaka zoposa makumi atatu akupanga zinthu zimene anthu saziyang'ana kawiri, koma ukazichotsa amaona kuti pasowa kanthu: mphonje za m'mphepete mwa mipando, malamba oluka obisa misomali ya sofa, zingwe zomangira makatani, ndi mitolo ya ulusi yolendewera kunsonga kwa zingwezo. Mitolo imeneyi iwo ankaitcha ngayaye, poti imaoneka ngati ngayaye ya chimanga yozondotsa.

Chaka chachiwiri cha ukwati wawo, azakhali atatuluka pang'ono, amalume anatenga ngayaye imodzi n'kuimasula yonse kuti aone chimene chili m'mutu mwake. Mwini wake ankabwera kudzaitenga masana omwewo. Amalume amati anapezamo kamtengo kobowoka pakati, ndipo mpaka lero sadandaula, poti safunsa anadya phula. Koma kuyambira tsiku limenelo, tiyi wa akazi awo ankamusiya pakhomo n'kugogoda.

Atsikana ambiri anaphunzira ntchito m'chipindamo, ndipo aliyense wa iwo ngakhale mutamudzidzimutsa angakuuzeni lamulo loyamba la azakhali. Chingwe chimapotedwa chonchi. Umamanga ulusi ku mbedza n'kuugawa nkhosi zitatu, ndiye kuti timagulu titatu. Umakhala chammbali, kachikopa pa ntchafu, n'kumagudubuza nkhosi imodzi ndi chikhatho mpaka italimba n'kuyamba kufuna kudzipinda yokha. Zitatu zonse zikalimba umaziphatikiza, ndipo zimakulungana zokha kukhala chingwe chimodzi. Pogudubuzapo, chikhatho chimapita kutsogolo, kuloza ku bondo. “Kankha, usakoke!” Mawu amenewa ankamveka mpaka pamsewu, moti ana a m'nyumba zoyandikana ankawaimba podumpha chingwe.

Sitiroko inawapeza azakhali Lachiwiri m'mawa ali pampando wawo. Ine ndinangomva sizasi ikugwa pansi, kenaka zii. Anakhala m'chipatala masabata atatu, ndipo anabwerako akukoka mwendo, dzanja lamanja litafa. Mutu unali bwinobwino, maso ankaona chilichonse ngati kale. Koma mawu anathawa. Anatsala ndi “ayi”, “basi”, “madzi”, “uyo”, “kankha”, dzina la mwana wawo, ndi liwu lina lotukwana limene palibe ankadziwa kuti mayi wa kwaya ngati iwo amalidziwa. Vuto linali pa “ayi”. Ankanena ayi akukana, ankanenanso ayi akulandira kapu ya tiyi ndi chimwemwe.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, msuweni wanga, amene amagwira ntchito ku mzinda wina, ulendo wa maola asanu. Si munthu woipa. Anabwera ataganiza kale zonse: kwake kuli chipinda chachikulu, chipatala chili pafupi, mkazi wake wavomera. Makolo asamuke, m'nyumba muno mulowe ena, za m'chipinda cha ulusi zipite kwa amene angazifune. Ananena zimenezi patebulo, azakhali ali pomwepo.

“Ayi,” anatero azakhali.

“Wamva?” anatero amalume.

“Bambo, dzulo ndinawafunsa ngati ndine mwana wawo, anati ayi. Tisanamizane. Chinkawasunga kuno ndi ntchito, ndipo ntchito yatha. Muziwakhazika pakhonde aziwerenga magalimoto?”

“Ntchito sinathe. Amayi a makatani anasiya oda ya zingwe khumi ndi ziwiri ndi ngayaye zake. Ulusi wake uli pa shelefupo.”

“Apota ndani?”

“Ine.”

Msuweni anaseka mpaka kutsamwa. “Inu? Amene munasokerera malaya ku vesiti mukusoka batani?”

“Linali batani lovuta. Aphunzitsi alipo. Manja ndi anga, maso ndi awo.”

Anakangana mpaka tiyi anazizira, ndipo pomaliza anagwirizana chonchi: masabata asanu ndi limodzi. Zingwe khumi ndi ziwiri zikatuluka m'chipindamo, amayi a makatani n'kuzilandira, nkhani yosamuka itha. Zikapanda kutero, msuweni abwera ndi lole Loweruka lomaliza la mwezi wotsatira. Azakhali anamvetsera zonsezi maso ali pa amuna awo, ngati munthu amene akumva mbuzi ikulonjeza kulondera dimba.

M'mawa mwake amalume anavala malaya oyera, anaima pakhomo la chipinda cha ulusi n'kunena “odi” m'nyumba yawoyawo. Azakhali anali kale pampando wawo. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza ndi rula kampando ka ophunzira.

Rula imeneyo ndiyo inasanduka lilime lawo. Kugogoda tebulo kamodzi kunali kuvomera. Kawiri, bwereza. Ntchito yoipitsitsa ankaikankhira m'chidebe cha pansi pa tebulo osanena kanthu.

Anayambira pa ngayaye, ndipo pamenepa amalume anadabwitsa. Umakulunga ulusi pa kathabwa maulendo 120, ndipo munthu amene wawerenga manambala moyo wake wonse saphonya. Umamanga pamwamba, umadula pansi, umaveka mtolowo pa kamtengo kobowoka, n'kumanga khosi ndi ulusi wina, mzere pa mzere, mfundo yake n'kuibisa mkati. Kenaka umaifukiza pa nthunzi ya ketulo kuti ulusi uwongoke, umaipesa, n'kudula m'munsi kuti mufanane. Kudulako ndiko kunawavuta. Akadula mbali iyi, inayo yatalika. Akadula inayo, iyi yatalika. Ngayaye yawo yoyamba inafupika mpaka inatsala ngati burashi yopolishira nsapato, ndipo azakhali anaseka ndi theka la kamwa, kuseka koyamba chibwerere kuchipatala. Kenaka anaiponya m'chidebe.

Mafunso sanathe ayi.

“Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani 120? Atakhala 119, ngayayeyo ingadziwe?”

“Basi.”

“Nanga nthunziyi imauuza chiyani ulusi kuti uwongoke chonchi?”

“Basi.”

“Koma anayamba ndani kuganiza kuti katani akufunika mchira?”

Apa rula inagogoda kawiri, ngakhale panalibe choti abwereze.

Pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri, ngayaye zawo zinayamba kulandira kugogoda kumodzi. Ndiye anafika pa chingwe.

Amalume anabadwa amanzere. Ku pulayimale anawawongola ndi ndodo mpaka anayamba kulembera kumanja, ndipo amalemba, amadya, amapereka moni ndi dzanja lamanja ngati wina aliyense. Koma nyundo, mpeni, kiyi wa pakhomo, zonsezo n'zamanzere. Masiku atatu oyamba azakhali anawaumiriza kupota ndi dzanja lamanja. Ulusi unkangopulumuka pansi pa chikhatho ngati sopo wonyowa. Tsiku lachinayi azakhali anatopa, anatenga nkhosi ija n'kuiika okha m'dzanja lamanzere la amuna awo. Amalume anatembenuza kampando kuti mbedza ikhale kumanja kwawo, anasamutsira kachikopa pa ntchafu yamanzere, ndipo chikhatho chinayamba kuyenda bwino, mosalala, ngati cha munthu wozolowera.

“Kankha,” anatero azakhali.

Anakankha. Koma m'malo molimba, ulusi unkatukumuka, timaulusi take n'kumatayana. Atapitiriza unalimbako pang'ono, koma mopanda moyo, ndipo ataphatikiza nkhosi zitatuzo panatuluka chinthu chofewa, chaubweya, chotupa pena n'kuwonda pena. M'chidebe. Chachiwiri chimodzimodzi. Chakhumi chimodzimodzi.

“Kankha!”

“Ndikukankha, mayi.”

“Kankha!”

“Zaka 36 m'banja muno simunandinenepo iwe,” anatero amalume akupukuta thukuta. “Lero ndasanduka kamtsikana kanu ka ntchito. Ka ‘ni’ kokha kakukanikani? Kankha-ni. Tayesani.”

Azakhali anayesadi. Ndinaona milomo yawo ikulimbana nako. Chimene chinatuluka ndi “kankha” yemweyo, monga ankauzira atsikana aja, ndipo anatembenukira kuzenera. Amalume sanabwerezenso nthabwala imeneyo.

Sabata yachinayi kunabwera amayi a makatani, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene amalankhula ndi azakhali mokuwa ngati kuti sitiroko imatseka makutu. Ngayaye anazitembenuzatembenuza n'kuvomera. Kenaka anapisa dzanja m'chidebe.

“A Chifukwa, ichi n'chiyani? Matumbo a nkhuku?”

“Ndi chingwe chimene chikuganizabe.”

“Chiziganizira konkuno. Ine ndikamangira katani ichi, kasitomala andimangira nacho ineyo. Tamverani achimwene, tisavutane. Zingwe za pamakina zadzaza m'masitolomu. Ndibweretsa mpukutu, inu mungomangirirako ngayaye zanuzi. Adziwa ndani?”

Azakhali ananena liwu lotukwana lija, momveka bwino kuposa mawu ena onse. Amayi a makatani anagwira pakamwa, kenaka anaseka mpaka misozi.

“Chabwino amnzanga, ndamva! Koma tsiku ndi lomwe lija.”

Patapita masiku awiri ndinalawirira kukachapa yunifolomu, ndipo ndinapeza amalume kuseri kwa nyumba atakhala pa ndowa yozondotsa, ulusi ataumangirira ku mtengo woyanikira zovala. Pambali pawo panali galasi lawo lokuzira manambala a mamita akale. Ankapota, koma chikhatho chinkabwera kumbuyo, kuchokera ku bondo kuloza m'chiuno. Ankakoka. Ndipo nkhosi inkalimba, kuwala, n'kumadzipinda ngati kanthu kamoyo. Ataphatikiza zitatu, chingwe chinadzikulunga chokha, cholimba, mizere yake yofanana ngati ya azakhali.

Ndinafuna kubwerera mwakachetechete, koma beseni linagunda chitseko.

“Bwera mwanawe, udzaone,” anatero amalume, n'kundipatsa galasi lija. “Yang'ana ulusi umodzi wokha. Ukuona timizereto? Ulusiwu umachoka ku fakitale utapotedwa kale, uli ndi njira yakeyake. Ukaupota motsata njira imeneyo umalimba. Ukaupota mobwerera, ndiye kuti ukuumasula. Tsono wamanja akakankha, akutsata njira. Ine wamanzere, mbedza ili mbali inayi, ndikakankha ndikubwerera. Zili ngati anthu awiri oyang'anizana, uwauze kuti aloze kumanja. Wina aloza kum'mawa, wina kumadzulo, onse osalakwa.”

“Mwadziwa liti?”

“Lachisanu lapitali.”

“Nanga osawauza bwanji?”

Amalume anatembenuza chingwe chija m'manja. “Ndinayesa. Ndinakoka kamodzi iwo akuona. Rula inanditera pa zala, ndiye akuti kankha, kankha, kankha, mpaka analira. Iwe unali kuntchito. Tandiuza, azakhali ako atsala ndi mawu angati? Mwa onsewo la ntchito ndi limodzi lokha. Ndipite ndikawauze kuti limenelonso n'lolakwa?”

“Mungopotera kunja kuno, n'kukawapatsa zotha kale.”

“Amene aja? Angondiuza kuti ndipote china iwo akuona. Komanso ndikatero ndiye kuti mwana uja ananena zoona, kuti ntchito ya amayi ake inatha, yatsala yanga ya kuseri kwa nyumba.”

Anayamba kumasula chingwe chokongola chija, nkhosi ndi nkhosi, n'kukulunganso ulusi pa mpukutu.

Kwa sabata ina ndi masiku anapitiriza kukankha m'chipinda muja, akudziwa, n'kumaona zingwe zawo zikugwera m'chidebe. Mafunso anachepa. Akaweruka ankakhala pakhonde akuyang'ana zikhatho zawo, kutembenuza ichi, kutembenuza icho. Msuweni anaimba foni kunena kuti lole waipeza.

Lamulungu masana, kutatsala masiku asanu ndi limodzi, chingwe china chitangogwera m'chidebe, amalume anaimirira n'kumasula ulusi ku mbedza.

“Aphunzitsi, mutu wangawu ndi wouma. Kumva ndamva, koma sindikuona. Tandionetsani.”

“Ayi.”

Chibwerere kuchipatala azakhali anali asanayesepo kupota. Amalume anawayalira kachikopa pa ntchafu yamanzere, anaikapo nkhosi, iwo n'kugwada kumanja kwa mpando, mbali ya dzanja lakufa, atagwira nsonga inayo zolimba.

“Mbedza ndine. Kamodzi kokha.”

“Ayi.”

Sanawanyengerere. Anangogwada pomwepo, maondo pa simenti. Ndinkamva kupuma kwawo ndili kuchipinda kwanga. Panapita nthawi yoti munthu n'kuwiritsa tiyi n'kumwa. Kenaka dzanja lamanzere la azakhali linasiya rula, linatera pa ulusi, ndipo linakankha.

Ulusi unatukumuka.

Anakankhanso, mwamphamvu. Timaulusi tinatayana pansi pa chikhatho chawo monga tinkachitira pansi pa cha amuna awo. Anaukweza kufupi ndi maso. Anayang'ana mpukutu ngati wina wawasinthira. Anakankha kachitatu, pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa. Kenaka anatembenuza chikhatho chawo n'kuchiyang'ana, anayang'ana dzanja lakufa lija, anayang'ananso dzanja lamanzere la amalume limene linagwira nsonga. Nkhope yawo sinali ya mkwiyo. Inali nkhope imene ndinkaiona pa amalume akatsegula wotchi.

Anaika chikhatho pa bondo n'kuchibweza kumbuyo. Kamodzi, kawiri, kasanu. Ulusi unatsekeka, unawala, unayamba kunjenjemera pakati pa awiriwo.

“Ko,” anatero azakhali. “Ko… ko…” Mitsempha ya m'khosi inatupa. “Koka.”

Amalume anagwirabe nsonga ija. Anangoyang'ana pansi.

Azakhali anapuma, anameza malovu, anayambiranso. “Koka… ni. Kokani.”

“Chifukwa chiyani, aphunzitsi?” anafunsa amalume.

Azakhali anasiya ulusi, anatola rula, ndipo inawapeza paphewa. Nkhosi yonse inamasuka, koma palibe anadandaula.

Madzulo a tsiku lomwelo azakhali analoza ndi rula chithunzi chakale cha kukhoma, cha iwo ndi atsikana asanu. “Uyo.” Analoza wa kumapeto, wamtali, wosaseka, kenaka anakweza dzanja lawo lamanzere. Amalume anakumbukira. Mtsikanayo anakhala miyezi iwiri. Mphonje ankaluka bwino kuposa anzake, koma zingwe zake zonse zinkafa, ndipo azakhali anamubweza kwawo kuti ndi wosamva. Papita zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo palibe akudziwa kumene ali. Tiyi wa azakhali tsiku limenelo anabwerera kukhitchini wosamwa.

Sabata imeneyo m'nyumba munalibe kukhala pansi. Amalume akanatha kumaliza zingwe zonse okha m'masiku atatu, koma azakhali anakana. Pa nkhosi zitatu za chingwe chilichonse, imodzi inali yawo. Dzanja lawo linkatopa msanga, ankapuma, n'kuyambiranso, amalume ali chigwadire pa pilo wakale. Zingwe zina zinagwerabe m'chidebe, kuphatikizapo ziwiri zimene nkhosi yofooka inali ya aphunzitsi eni ake, ndipo anaziponyamo mwamphamvu kuposa zina zonse. Lachisanu madzulo amayi a makatani anabwera, anakoka chingwe chilichonse ndi manja awiri ngati akufuna kuchidula, ndipo anatenga zonse zimene zinalipo. Zinali khumi.

“Ziwirizo Lachiwiri,” anatero ali pakhomo, “apo ayi zenera limodzi likhala maliseche.”

Loweruka lole inaima pageti nthawi ya teni koloko. Msuweni analowa ndi makatoni opinda m'khwapa.

“Zingati, bambo?”

“Khumi.”

“Tinati khumi ndi ziwiri.”

“Tinaterodi.”

 Msuweni anatsamiritsa makatoni kukhoma la pakhonde n'kupita kukapereka moni kwa amayi ake. Anawapeza pampando, kachikopa pa ntchafu, nkhosi ili lende. Asanamalize moni azakhali anamutchula dzina, anamulozera pansi kumanja kwa mpando, n'kumupatsa nsonga ya ulusi. Iye anayang'ana thalauza lake, anayang'ana simenti, anagwada.

“Gwira zolimba,” anatero amalume ali pakhomo. “Ukasiya, ntchito ya theka la ola yapita.”

Azakhali anayamba kukoka. Msuweni ankayang'ana dzanja la amayi ake likupita ndi kubwera, ulusi ukulimba, ukumufinya zala. Foni inalira m'thumba mwake mpaka inasiya. Inaliranso. Kunja dalaivala analiza hutala.

“Amayi, ndiye mukupota ndi dzanja limeneli? Kuyambira liti?”

“Basi.”

“Bambo, n'chifukwa chiyani akubweza kumbuyo? Suja amati…”

“Funsa aphunzitsi. Ine ndangobwera kumene.”

Dalaivala anafika pazenera n'kusuzumira. “Bwana, tiyambire chiyani, mabedi kapena mashelefuwa?”

Msuweni sanatembenuke, chifukwa akanatembenuka ulusi ukanapulumuka. Anagwirabe zolimba mpaka amayi ake anafika kumapeto kwa nkhosi, anaigwira ndi zala ziwiri, n'kuigwedeza kuti aone kulimba kwake.

“Pitani adalaivala,” anatero. “Ndikuimbirani madzulo.”

“Ndi lole yopanda kanthu?”

“Tengani makatoni ali pakhondewo, mungapite chimanjamanja.”

Sanagonje kotheratu ayi. Asanabwerere kwake anakhomera zitsulo zogwirira m'bafa, anapeza mayi wina woti azibwera katatu pa sabata kudzathandiza, ndipo ananena kuti abweranso pakatha miyezi itatu kudzaona mmene zikuyendera. Amalume anavomera zonse.

Panopa ali pa malamba oluka, a nkhosi zisanu ndi zitatu. Ndi mwezi wachiwiri tsopano. Azakhali amasonyeza ndi dzanja limodzi, lachiwiri amabwereka la amalume, ndipo pakasokonekera sizidziwika kuti wasokoneza ndani, ngakhale wolakwa amapezeka nthawi zonse. Lamba amene wavomerezedwa mpaka lero ndi mmodzi, wotalika ngati chala chapakati. Amalume anamukhomera pachitseko, mbali yakunja, kuti alendo azimuona.